Odi pa Ovaova

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Sindibisa, ndipo sindichita nazo manyazi. Ntchito imene ndinagwira ine, ambiri a masatifiketi sakanaitha. Zaka zambiri ndinali woyang'anira wailesi ya mauthenga pa chipatala chaching'ono cha mishoni kumapiri a ku Ntcheu. Anthu ankaitcha ovaova, chifukwa ukamaliza kulankhula umati "ova," n'kusiya batani kuti mnzako ayankhe. Mayi akavutika pobereka, woitana ambulansi ku boma ndinali ine. Mankhwala akatha, ine. Mlatho ukakokoloka, ine ndemwe. Mafoni a m'manja atabwera, ovaova anaifunditsa nsalu, ine n'kupuma ntchito.

Mawu aja sindinawasiye kuchipatala. Ndinapita nawo kunyumba. Ana anga anakula akudziwa kuti bambo akamalankhula, munthu sadula mpaka amve "ova." Ena amati ndinali wovuta. Mwa ana angawo palibe amene anagonapo kupolisi.

Mkazi wanga atamwalira, mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Glasgow, anandiitana kuti ndikakhale naye. Timakhala ku Springburn, m'nyumba zosanjikizana, masitepe makumi atatu ndi mphambu. Ali ndi mwana mmodzi, mtsikana, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anamupatsa dzina la mayi anga ondibereka, choncho ine ndimamuitana kuti Mayi, ndipo ndimamupatsa ulemu wake. Chichewa ankamva ndithu, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi, Chingerezi chakenso cha kuno, chimene ngakhale dokotala wa pa mishoni akanapempha womasulira.

Sabata yoyamba ndinatsala pang'ono kumuthyolera kamtengo.

"Mayi, mwadya?"

"Ayi."

Ndinamupatsa buledi.

"Mwakhuta tsopano?"

"Ayi."

Ndinawonjezera wina.

"Kodi mukundimva ndikamalankhula?"

"Ayi, agogo." Uku akumwetulira.

Amake atabwera kuntchito ndinawauza kuti mwanayu ndi wamwano, ndiponso ali ndi njoka za m'mimba. Mwana wanga anaseka mpaka kukhala pansi m'khitchini, yunifomu ili m'thupi. Anati anthu a kuno akafuna kunena inde amati "ayi." Ndinayesa akundinyoza. Koma ndinadzimvera ndekha m'basi, m'sitolo, ngakhale kwa abusa: ayi, ayi, mutu ukugwedezeka movomera. Ndinalamula kuti m'nyumba imene muli ine, ayi ndi ayi. Ova. Mutu wanga unaphunzira za ayi wa kunoyu. Khutu silinaphunzire.

Mayi anali m'gulu la masikauti limene limakumana Lachinayi muholo ya tchalitchi, kutsika pang'ono kuchokera kwathu. Ankalikonda gululo. Kansalu kake ka m'khosi ankakasita yekha. Koma Lachinayi lina anabwera nkhope ili ndwii, n'kuponya kansaluko kuseri kwa mpando.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Mtsogoleri wawo anawauza kuti Loweruka la sabata yotsatira kudzabwera bambo wina wa chiphaso cha wailesi, ndi wailesi yake, kuti ana alankhule ndi masikauti anzawo a m'mayiko ena, poti tsiku limenelo masikauti ambiri amakhala pa wailesi. Mayi anaimirira n'kulengeza kuti agogo ake ndi katswiri wa wailesi, ndipo adzawalankhulitsa ndi Afirika. Pamenepo kamtsikana kena ka tsitsi lofiira, kamene kamatsogolera kagulu kawo, kanati limenelo ndi bodza. Kanati agogo ako tinawaona, amalephera ngakhale kudina belu la m'basi. Ana anaseka. Anamupatsa dzina loti Wabodza, ndipo pobwerera ankamuitana nalo mpaka pa mphambano.

"Ngati Afirika salankhula Loweruka, sindidzapitanso," anatero m'Chingerezi.

"Munawauza kuti ndine katswiri?"

Anagwedeza mutu.

"Munawauza kuti tidzalankhula ndi Afirika?"

Anagwedezanso.

"Munanena zoona. Tolani kansaluko. Ova."

Mayi atalowa kuchipinda, amake anandiyang'ana. "Ababa, mwana salonjezedwa zinthu zimene…"

"Sindinakupatse mpata."

"Mwanena kale ova, ababa."

Zinali zoona, ndinali nditanena. Ovaova yanga inkafika ku boma, ulendo wa maola awiri pa galimoto, ndipo tsiku labwino inkafika ku Lilongwe. Kuchoka kwathu kudzafika ku Glasgow ndinakhala m'ndege usiku wonse ndi theka la tsiku. Izi ndinkazidziwa. Za belu la m'basi zinalinso zoona: ndinkadina lolakwika.

Komabe sabata imeneyo ndinali munthu wina. Ndinasita shati yanga ya khaki kawiri. Nsapato ndinazipukuta mpaka kuoneramo ndevu. Ndinkabwereza zilembo za pa wailesi pokwera masitepe, alufa, bulavo, chale, sitepe iliyonse chilembo chake, mpaka mayi wa pakhomo loyandikana nafe anasuzumira. Lachitatu mwana wanga anandipeza ndikuimba m'bafa. Ine sindiimba.

Loweruka tinafika kuholo naini koloko isanakwane. Kunja kunali kamvula kaja ka kuno, kosanyowetsa koma konyowetsa. Bambo wa chiphaso uja tinamupeza atafika kale: mzungu wachikulire wa ku Easterhouse, wandevu zoyera, amene anagwira ntchito yokonza mainjini a sitima mpaka fakitale inatsekedwa. Chala chimodzi chinali chodukira pakati. Tinagwirana chanza. Ndinaona manja ake, iye anaona anga. Tinamvana.

Wailesi yake sinandisangalatse. Inali kakang'ono ngati lofu ya buledi. Yanga inali ngati sutikesi, ndipo ponyamula pankafunika amuna awiri. Koma sindinanene kanthu.

Vuto linali waya. Wailesi yotere imafuna waya wautali wokwezedwa m'mwamba, apo ayi imangolankhula ndi anansi. Kuseri kwa holo kuli mtengo waukulu. Mzungu uja anamanga twaini ku mpira wa tenisi n'kumaponya kuti udutse pa nthambi. Anaponya kasanu. Kawiri mpira unagwera pa denga, kamodzi pamutu pa mtsogoleri wa masikauti, mayi wodekha wa magalasi. Ana anali atagwa nazo kuseka. Pomaliza anati tingomanga pa nthambi ya m'munsi.

Ndinati iyayi. Nthambi ya m'munsi ndi ya anthu ofuna kulankhula ndi Mangalande. Ndinapempha mpeni. Ndinadula kamtengo ka mphanda pa mpanda, ndinapeza chubu chakutha cha njinga m'kanyumba kosungiramo zida, chikopa ndinadula ku lilime la nsapato yakale imene inali m'bokosi la zinthu zotayika. Mphindi khumi, legeni inali m'manja. Mayi wa magalasi anayamba kunena za malamulo a chitetezo. Ndinamuuza kuti aimike ana kumbuyo kwanga. Ndinamanga twaini ku nati yachitsulo imene ndinatola m'kanyumba kaja, ndinatseka diso limodzi.

Kamodzi kokha. Nati inadutsa pa nthambi ya pamwamba penipeni n'kutsikira mbali inayo, twaini akuitsatira.

Ana anakuwa ngati chalowa chigoli. Mzungu uja anavula chipewa n'kundiweramira. Mayi ankadumpha akugwira malaya anga. Kamtsikana ka tsitsi lofiira kanapinda manja n'kunena kuti kuponya miyala si wailesi. Ndinakavomereza. Kanali ndi nzeru.

Tinakoka waya, tinalowa. Malamulo anali akuti mwini chiphaso ndiye amaitana n'kutchula chizindikiro cha siteshoni yathu, ndipo wina akayankha, amapereka cholankhulira kwa mwana kuti apereke moni, iye ali pompo. Anayatsa. Munamveka phokoso lija, ngati mvula pa malata. Ndinali ndisanalimve zaka zambiri. Ndinayang'ana kukhoma kuti ana asandione m'maso.

Woyamba kuyankha anali munthu wa ku Ireland. Mzungu wathu analankhula naye pang'ono, kenako anati, "Ova."

Mayi anatembenuka, maso ali tong'oo. "Agogo! Akuba mawu anu!"

Mwanayo ankayesa kuti "ova" ndinamupeka ndine, kuti ndizizunzira banja. Anathamanga kuuza anzake kuti kunyumba kwathu timalankhula chonchi tsiku lililonse, ngakhale popempha mchere. Sanamukhulupirire mpaka amve kwa ine. Ndinati n'zoona. Ova. Anagwa nazo.

Ana oyamba anasokoneza. Wina ankalankhula asanadine batani. Wina anadina n'kuiwala kusiya, n'kumadabwa kuti bwanji sakumuyankha. Mzungu uja anali wofatsa kwambiri, ankangoti palibe kanthu. Kanthu kanalipo. Ndinawaimika pa mzere onse khumi ndi asanu ndi mmodzi, aliyense atagwira supuni ngati cholankhulira.

"Dina. Lankhula. Ova. Siya."

Ndinawaphunzitsa m'Chichewa momwemo, Mayi akumasulira. Ndinawauza kuti munthu wokanikiza batani osasiya ndi gonthi: iye samva aliyense, ndipo amatsekera ena onse njira. Kuchipatala kwathu munthu wotere akanaphetsa mayi wapakati. Anabwereza kakhumi. Posakhalitsa anausandutsa nyimbo, akuguba kuzungulira holo ndi masupuni: dina, lankhula, ova, siya! Mayi wa magalasi anagubanso.

Kenako zinayenda. Tinalankhula ndi Mangalande, Holland, Germany. Kamnyamata kena kanafunsa Mjeremani ngati ali ndi galu, ndipo atati ali nawo awiri kanakuwa ngati kapatsidwa agaluwo. Wina anafunsa masikauti a ku Norway chimene adya m'mawa, yankho lake n'kukhala nsomba, holo yonse n'kuchita ngati ikusanza. Pakhoma panali mapu a dziko lonse, ndipo dziko lililonse limene layankha ankalibaya kaphini. Pofika masana Ulaya anali ngati nungu.

Afirika anali mbee.

Pa nthawi ya chakudya kamtsikana ka tsitsi lofiira kanaima pa mapu, buledi ali m'manja, n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi Afirika uja akubwera pa basi yanji?" Ana ena anaseka. Wina ananong'ona dzina lija. Mayi sanadye. Anakhala pakona akupotokola kansalu kake.

Ndinapita kwa mzungu uja. Ndinamuuza m'Chingerezi changa kuti mawu akutali amabwera dzuwa likapendeka, ndinaziona zaka zambiri. Anayang'ana pawindo. Dzuwa la kuno silioneka, koma limapendeka ndithu. Anavomereza, nati akudziwa njira ina pa wailesipo imene masana imatseguka cha kummwera, koma salonjeza. Anatinso folo koloko tiyenera kutuluka, poti holo ikufunidwa ndi amayi okalamba a kalabu ya magule.

Thu koloko inadutsa. Anapotokola kagudumu kosakira pang'onopang'ono, uku ndi uku. Spain. Italy. Italy winanso. Anthu a ku Italy ali ndi mawailesi amphamvu, ndipo salankhula, amalalikira. Fili koloko inadutsa. Ana anayamba kutopa, ena n'kumamenyana ndi masupuni aja. Amayi awiri a magule anali atafika kale, atakhala pakhomo ndi zikwama zawo.

Itangopitirira hafu pasiti fili, mzungu uja anakweza dzanja la chala chodukalo. Holo inati zii.

Pansi pa phokoso panali mawu aang'ono, akubwera n'kumapita ngati munthu akuitana kutsidya kwa dambo. Chinali Chingerezi, koma Chingerezi chimene ndinachidziwa ndisanamve n'komwe chimene chikunenedwa. Lilime lake linali lathu. Mawuwo anati ndi masikauti a ku Lusaka, akuitana aliyense amene akumva.

"Zambia," anatero mzungu uja motsitsa.

Mayi anali atafika kale pambali panga. Sindinamuone akubwera.

Mzungu anadina, anatchula chizindikiro chathu, anasiya. Koma si ife tokha amene tinamva. Ulaya yense anaitana nthawi imodzi, ngati anthu olimbirana minibasi yomaliza. Wa ku Lusaka anasankha wa ku Italy. Atamaliza tinaitananso. Anasankha wa ku France. Tinaitananso. Italy. Mawu ake anayamba kuchepa. Mzungu uja anapukusa mutu, nati ife ndife aang'ono, tili ndi waya wa pamtengo basi, m'chigulu chotere sangatimve.

Pamenepo ndinakumbukira. Kwathu m'mawa uliwonse zipatala zonse zazing'ono zinkaitana ku boma nthawi imodzi, aliyense ndi vuto lake. Dokotala wa pa mishoni anatiphunzitsa kaitanidwe ka m'buku. Ine ndikaona kuti zathina ndinkangoti, "Odi! Odi ku boma!" ndipo ankandiyankha ine poyamba. Munthu wa kwathu sangamve odi n'kukhala chete. Pakamwa pamayankha pokha, mwini wake asanaganize. Dokotala anandiletsa kangapo. Sindinaleke.

Ndinaimirira. Ndinavula chipewa. Ndinasanja Chingerezi changa bwinobwino, ndipo ndinapempha mwaulemu ngati angandilole kuti ndiwaitane ine, mwa kwathu.

Anatembenuka msangamsanga, chomvera chili kukhutu limodzi, dzanja likukupiza.

"Ayi! Ayi, ayi!"

Katatu. Pamaso pa ana. Pamaso pa mdzukulu wanga. Ine amene ndinamukwezera waya wake.

Sindinakangane naye. Ine sindipempha kawiri. Ndinavala chipewa, ndinamanga mabatani a jekete mpaka m'khosi, ndinatenga ambulera yanga. Ndinadutsa pakati pa ana, ndinadutsa amayi a magule, ndinatuluka. Ndinafika pansi pa mtengo uja. Waya wanga anali pamwamba, akudontha madzi.

Chitseko chinamenyeka kumbuyo kwanga.

"Agogo! Agogo, imani! Akuti inde! Ndi ayi wawo uja! Bwererani msanga, mawu akuthawa!"

Ndinaima. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandiimitsa, uthengawo kapena chilankhulo chake. Mawu onsewo anali a Chichewa. Onse. Opindika pang'ono, ngati munthu akulankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa, koma Chichewa.

"Mwati bwanji, Mayi?"

"Agogo, musandibwerezetse! Thamangani!"

Ndinathamanga. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, mawondo olira, ndinathamanga. Chipewa chinagwera m'matope, sindinachitole. Amayi a magule anakweza miyendo kuti ndidutse. Mzungu uja anali ataimirira, cholankhulira chili m'manja, nkhope yodabwa, osadziwa chimene wandilakwira. Panalibe nthawi yofotokoza. Wa ku Lusaka anali akumaliza ndi munthu wina. Mzungu anadina, anatchula chizindikiro chathu mwachangu, n'kundiika cholankhuliracho pakamwa.

"Odi! Odi ku Lusaka! Odi kumeneko!"

Anasiya batani. Phokoso. A ku Italy. Wina wa ku Spain akubwereza zilembo zake. Mayi anali atandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

Kenako mawu aang'ono aja, m'Chingerezi: "Nonse dikirani kaye. Dikirani. Ndani wanena odi?"

Ulaya yense anati zii. Sindinamvepo chete wokoma ngati ameneyo.

"Odini! Odini, lowani! Nimwe bandani? Ova."

Holo inaphulika. Ndinalanda cholankhulira, ndinadina ndekha. Ndinapereka moni. Ndinati ndine wa ku Ntcheu, ndili ku Glasgow ndi masikauti. Ndinafunsa ngati adzuka bwino, iwo ndi a kunyumba. Ndinafunsa za mvula, ngati yayamba. Ndinawauza kuti ndinagwira ovaova zaka zambiri pa chipatala cha kumapiri, ndipo ndinafotokoza mtundu wake. Ndinawauza kuti mayi a kunyumba anatisiya, n'chifukwa chake ndili kuno. Ndinati kuno kumazizira, dzuwa kulibe, anthu ake ndi abwino koma akati ayi ndiye kuti inde. Ndinawauza za legeni. Ndinali pafupi kuyamba za msuweni wanga amene anakwatira ku Chipata.

Kunali phokoso kumbuyo kwanga, ndinkalimva ngati lakutali. Anali ana khumi ndi asanu ndi mmodzi, masupuni m'mwamba, akukuwa nyimbo imene ndinawaphunzitsa ndekha: "Ova! Siya! Ova! Siya!" Mzungu uja ankaloza wotchi. Ine ndinkangoona pakamwa pawo pakuyenda.

Mayi anakwera pa mpando, anagwira chala changa chachikulu ndi manja awiri, anaika kamwa pa cholankhulira n'kukuwa, "Ova!" Kenako anachikanganula chalacho pa batani.

Phokoso lokhalokha. Mvula pa malata.

Palibe anayankha. Ngakhale a ku Italy anali atatopa n'kupita. Mzungu anagwira kagudumu, anasuntha pang'ono, anabweza. Palibe. Ndinayang'ana chala changa. Ndinayang'ana mapu. Odini tinamumva tonse, koma mwana aliyense anali asanalankhule, ndipo lonjezo linali loti ana adzalankhula ndi Afirika, osati nkhalamba idzalalikira Afirika. Kamtsikana ka tsitsi lofiira kanatsegula pakamwa.

Wailesi inayamba kuseka. Kuseka kwenikweni, kwa anthu ambiri, kukukwera n'kumatsika ndi mafunde.

"Tikali pano, madala! Mwakamba maningi, tinayesa ni ulaliki wa pa Sondo! Tili bwino, mvula ikalibe. Nili na bana pano bafuna kukamba. Ova."

Ndinafuna kumukonza kuti amati "ndili ndi ana," koma nthawi panalibe. Ndinapereka cholankhulira kwa Mayi. Anadina.

"Muli bwanji? Ine ndine sikauti wa ku Glasgow. Awo anali agogo anga. Pepani. Ova."

Anasiya batani. Mwaukhondo, ngati namwino wa zaka makumi awiri pa ntchito.

Kunayankha kamtsikana ka msinkhu wake. Kanati kali bwino, kanafunsa ngati n'zoona kuti kuno kumagwa madzi oundana kuchokera kumwamba. Mayi anayankha theka m'Chichewa theka m'Chingerezi. Kenako anachita chinthu chimene ine sindikanachita. Anatembenuka, anakoka ka tsitsi lofiira kaja pa mkono, anakanong'oneza mawu kukhutu kawiri, n'kukapatsa cholankhulira.

Kanafiira nkhope yonse kufanana ndi tsitsi. Kanadina.

"Odi. Muli banji. Ova."

Ku Lusaka anakuwa ndi chimwemwe, anakayankha onse pamodzi. Ana ena atatu analankhulanso, aliyense ndi odi wake, mawu aja asanamire m'phokoso osabwereranso. Wotchi inali itatsala pang'ono kukwana folo.

Mayi wa magalasi anapereka kaphini kwa ka tsitsi lofiira kuti kabaye. Kanafufuza Lusaka ku Nigeria. Mayi anakagwira dzanja n'kulitsitsa mpaka pamalo pake, kenako anasuntha chala chake pang'ono chabe kumanja. "Apa ndi kwa agogo," anatero. Kanayang'ana mapu, kanayang'ana Mayi, n'kunena kuti chabwino, si wabodza, koma agogo ake amalankhula kwambiri. Ndinakavomerezanso.

Zimene zinatsatira ndizinena mwachidule. Ndine Mngoni. Ambulera inali m'manja, chivundikiro cha bini chinali pafupi. Ndinaponda pansi kamodzi, matabwa a holo anayankha bwino, ndinapondanso. Ndinavina ngoma, imene ndinali ndisanavine chimwalirire mkazi wanga. Ana anandizungulira akuponda nawo. Mzungu wa ndevu anaponda molakwika koma mwamphamvu. Amayi a magule, amene tsopano anali asanu ndi atatu, anasiya zikwama n'kulowa m'bwalo, poti anabwerera kuvina ndipo sanaone chifukwa chodikira folo koloko. Mayi wa magalasi anayesa kuimba nthungululu ataphunzitsidwa ndi mdzukulu wanga. Sizinamveke bwino. Tinamukhululukira.

Pomasula waya ndinamufotokozera mzungu uja za ayi. Anaseka mpaka kutsamira mtengo. Anati mkazi wake wakhala akumuuza ayi zaka makumi anayi, ndipo tsopano wayamba kukayika kuti ankatanthauza uti. Legeni ndinamupatsa. Chipewa changa anachitola ndi ka tsitsi lofiira, kanachipukuta ndi kansalu kake ka m'khosi.

Titafika kunyumba tinapeza amake atabwera kuntchito. Mayi anafotokoza zonse ali chiimire, jekete osavula, zilankhulo ziwiri zikuphatikizana. Mwana wanga anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa ine, nkhope ili yofatsa kwambiri.

"Ababa, ndamva ngati munaiwala kunena ova."

"Batani lawo ndi lolimba. Limakanirira."

"Ayi," anatero Mayi.

"Ayi wake uti, Mayi?"

"Wa ku Ntcheu, agogo."

Ndinaiwala. Ndalemba pano kuti zidziwike, ndipo zidziwikenso kuti kanali kamodzi kokha pa moyo wanga wonse.

Lachinayi lotsatira ndinamva fungo la simbi kuchipinda. Mayi anatuluka kansalu kali m'khosi, kosalala ngati kalata. Anati mtsogoleri wapempha kuti ndipite nawo, ana akufuna kuphunzira zilembo za pa wailesi. Ndinati ndiganizira. Nsapato ndinali nditavala kale.

Titafika, chitseko cha holo chinali chotseka. Mayi anagwira chogwirira, koma sichinatseguke. Wina anali atachitsamira mkati. Kunamveka mawu a ka tsitsi lofiira, ndi ena akuseka kumbuyo kwake, kuti lamulo latsopano ndi lakuti munthu salowa asananene mawu aja.

Mayi anandiyang'ana. Ndinamukodola kuti anene ndi iyeyo.

"Odi!"

"Odini!" anayankha ana khumi ndi asanu, m'Chichewa cha ku Springburn.